Amayi Maria a nkhope yakuda ndi zipsera pa tsaya: mbiri ya Jasna Góra

Funso: Ndine mayi wa Lejio ya Maria kuno ku Zomba. Mwana wanga amene akuphunzira kunja wanditumizira chithunzi cha Amayi Maria a nkhope yakuda atanyamula Yesu, ndipo pa tsaya pali mizere ngati mphini. Kumbuyo kwake kwalembedwa kuti Jasna Góra, Częstochowa. Ku limana kwathu tagawanika. Ena akuti ndi umboni wakuti Maria anali a kuno ku Africa, ena akuti anaonekera kumeneko monga ku Fatima, pamene neba wanga wa mpingo wina akuti limeneli ndi fano basi. Kodi malowa ndi otani, ndipo anayamba bwanji?

Yankho: Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi pamene anzanu ena aphonya, pakuti zina zonse zatsamira pomwepo: ku Jasna Góra Amayi Maria sanaonekere munthu aliyense. Ku Lourdes mu 1858, ku Fatima mu 1917 ndi ku Kibeho, m'dziko la Rwanda, mu 1981, kunali ana amene ananena kuti awaona, Mpingo unafufuza, anthu n'kuyamba kukhamukirako. Ku Jasna Góra sikunachitike zotere. Kuli amonke amene anafika mu 1382 ndipo mpaka lero sanachokeko, kuli chithunzi chimodzi chimene chinatemedwa ndi lupanga, ndiponso kuli anthu wamba amene akhala akupitako wapansi mibadwo ndi mibadwo. Ine ndimaphunzitsa mbiri ya Mpingo, ndipo malo amenewa amandigwira mtima kwambiri chifukwa palibe chozizwitsa chimodzi chimene mungaloze kuti ndicho chinawapanga. Anakula pang'onopang'ono m'manja mwa anthu ochimwa ngati ife, ndipo kangapo konse anatsala pang'ono kutheratu.

Częstochowa ndi mzinda wa kummwera kwa dziko la Poland, m'mbali mwa mtsinje wa Warta, ndipo Jasna Góra ndi chitunda cha miyala ya laimu mumzinda momwemo. Mu 1382 mfumu yaing'ono ya chigawocho, Władysław wa ku Opole, inaitana amonke 16 kuchokera ku Márianosztra, ku Hungary, n'kuwapatsa katchalitchi ka matabwa kamene kanali pa chitundacho pamodzi ndi minda yoti azidyerapo. Musadabwe kuti anachokera ku dziko lina. Nthawi imeneyo Poland ndi Hungary zinali pansi pa mfumu imodzi, Louis, ndipo Władysław anali nduna yake yodalirika. Patapita zaka ziwiri, mu 1384, Władysław yemweyo anabweretsa chithunzicho kuchokera ku Belz, dera limene lero lili ku Ukraine, n'kuchisiya m'manja mwa amonkewo.

Amonkewa amatchedwa a Paulo Woyera, koma osati Paulo mtumwi. Nkhoswe yawo ndi Paulo wa ku Thebes, munthu wa ku Egypt, amene anathawira m'chipululu pa mazunzo a mfumu Decius cha m'ma 250 n'kukhala komweko yekhayekha mpaka imfa yake. Mwambo umati khwangwala ankamubweretsera theka la buledi tsiku ndi tsiku, ndipo atamwalira mikango iwiri inamukumbira manda. N'chifukwa chake pa chizindikiro cha chipani cha amonkewa pali mtengo wa kanjedza, khwangwala ndi mikango iwiri. Chipanicho chinayambira ku Hungary cha m'ma 1250, pamene wansembe wina, Eusebius wa ku Esztergom, anasonkhanitsa anthu amene ankapemphera paokha m'nkhalango ndi m'mapanga, ndipo mu 1308 analoledwa kutsata malamulo a Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ndiye anzanu amene akufunafuna Africa pa malo amenewa sakulakwa kufuna, koma akuyang'ana polakwika. Africa ali mwa nkhoswe ya amonkewo ndi m'malamulo amene amatsata.

Amavala mkanjo woyera, ndipo moyo wawo ndi wosiyana ndi wa ansembe amene tinawazolowera kuno. Ansembe a Montfort amene anafika ku Nzama mu 1901, chipani chimene chinatipatsa episkopi woyamba wa Zomba, Lawrence Hardman, anali anthu a pa ulendo, otsegula mishoni, sukulu ndi nthambi m'midzi. Mmonke amakhala pa nyumba imodzi ndi anzake, amapemphera nawo pa maola oikika, ndipo anthu ndi amene amabwera kwa iye. Jasna Góra si parishi. Ntchito yaikulu ya ansembe a kumeneko ndi Misa ndi kulapitsa, kuyambira m'bandakucha mpaka usiku.

Tsopano chithunzicho. Chenichenicho n'chachikulu, chotalika masentimita pafupifupi 122, m'lifupi mwake 82, chojambulidwa pa matabwa atatu olumikiza. Tayang'anani chanucho. Maria sakuyang'ana Mwana, akuyang'ana inu, ndipo dzanja lawo lamanja laloza kwa Yesu, amene wagwira buku uku akudalitsa. Kajambulidwe aka ndi kakale kwambiri pakati pa akhristu a kum'mawa, a ku Constantinople, ndipo chimene kakunena n'chakuti mayi akusonyeza njira, njirayo ndi Mwana wawo. Mwambo wa anthu umati anajambula ndi Luka Woyera pa thabwa la tebulo la m'nyumba ya Banja Loyera. Nkhaniyi sindiinyoza, pakuti Luka ndiye mlaliki amene anatiuza zambiri za Maria, ndipo mwambowu ukunena zimenezo m'njira yake. Koma si mbiri yotsimikizika, ndipo Mpingo sukakamiza munthu kuikhulupirira. Akatswiri amene anapima matabwawo ndi utoto wake amasiyana maganizo, ena amati ndi ntchito ya ku Byzantium, ufumu wa akhristu a kum'mawa aja, ena amaonamo dzanja la amisiri a ku Italy a m'zaka za m'ma 1300, koma palibe amene amachifikitsa ku nthawi ya atumwi.

Mizere imene mwaiyerekeza ndi mphini ndi zipsera za lupanga. M'nyengo ya Pasaka ya 1430 gulu la achifwamba linathyola nyumba ya amonkewo. N'kuti anthu atayamba kale kubwera ndi mphatso za siliva, golide ndi miyala ya mtengo wapatali zimene zinkakhomedwa pa chithunzicho, ndipo n'zimene akubawo ankafuna. Anazikanganula, anatema nkhope, thabwa n'kusweka patatu. Kwa nthawi yaitali mlandu unkakankhiridwa kwa otsatira a Jan Hus, wansembe wa ku Bohemia amene anatsutsana ndi akuluakulu a Mpingo, pakuti ambiri a otsatirawo ankadana ndi zithunzi. Koma wolemba mbiri wa m'nthawi yomweyo, Jan Długosz, yemwenso anali wansembe, analemba kuti otsogolera anali anthu olemekezeka a m'dziko momwemo, amene anamwaza chuma chawo n'kumira m'ngongole, ndipo anatema nkhopeyo dala kuti anthu aganizire a Hus. Mfundo imeneyi muisunge, mayi. Amene anavulaza chithunzichi sanali alendo okhaokha, munali ndi ana a pakhomo.

Zidutswazo anapita nazo ku Kraków kwa mfumu ya Poland, Władysław Jagiełło, ndipo chithunzicho chinabwerera ku Jasna Góra mu 1434. Anthu amakamba kuti amisiri ankati akapaka utoto pa zipserazo, kutacha zinkaonekanso. Chimene kafukufuku akuonetsa n'chakuti chithunzicho chinajambulidwanso pa matabwa akale omwewo, ndipo amisiriwo anazokota zipserazo mwadala ndi kachitsulo kosongoka kuti zisaiwalike. Kwa ine izi n'zozama kuposa nthano ija. Mpata wobweza nkhope yosalala anali nawo, koma anasankha kuti mayi wawo akhale ndi mabala ake poyera. Anthu a ku Poland, amene dziko lawo pambuyo pake linang'ambidwa kangapo, akhala akudziona okha pa tsaya limenelo, ndipo ndikukhulupirira kuti mayi aliyense amene anaikapo mwana m'manda amamvetsa nkhope imeneyi popanda womufotokozera.

Nanga kuda kwa nkhope? Apa ndiyankhe mosapita m'mbali, ngakhale ena a ku limana akhumudwe. Maria anali Myuda, ndipo palibe amene anatisungira maonekedwe awo enieni. Chithunzi cha ku Częstochowa sichinajambulidwe kuti chionetse mayi wa ku Africa. Amisiri a kum'mawa ankajambula nkhope za oyera ndi utoto woderako kale, kenaka vanishi wokalamba ndi mwaye wa makandulo ndi nyali za zaka mazanamazana zinawonjezera. Zithunzi ndi ziboliboli zakuda zotere zilipo zambiri ku Europe, monga ku Montserrat m'dziko la Spain ndi ku Einsiedeln ku Switzerland. Komabe chikhumbokhumbo cha anzanuwo ndikuchimva. Tinakula tikuona Maria a khungu loyera mbee ndi tsitsi lalitali lofiirira, ndipo amenewonso si maonekedwe awo enieni, ndi nkhope ya amayi a kwawo kwa amene anajambulawo. Mtundu uliwonse uli ndi ufulu wojambula mayi wa Yesu ndi nkhope ya amayi ake. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, amisiri athu akhala akusema Yesu ndi Maria a nkhope za Chimalawi, ndipo Mpingo umavomereza. Palibe chifukwa chokabwerekera ku Poland umboni umene kulibe.

Kwa neba wanu, yankho la Mpingo linaperekedwa pa msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea mu 787, akhristu okhaokha atalimbana zaka zambiri pa nkhani yomweyi: kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo ulemu woperekedwa pa chithunzi umapita kwa amene wajambulidwayo, osati kwa thabwa ndi utoto. Koma nkhawa yawo musaipeputse. Mkatolika amene amasunga chithunzi kapena kolona ngati chithumwa, kuti chimuteteze pachokha iye osapemphera, walowadi m'zimene anebawo akuopa. Ndibwereranso ku nkhani imeneyi tikafika mu 1966.

Chimene chinasandutsa Jasna Góra kukhala malo a dziko lonse ndi nkhondo ya 1655. Chitundachi chinali pafupi ndi malire, choncho kuyambira 1620 mafumu anachizinga ndi linga lolimba. Mu 1655 asilikali a Sweden analowa m'dzikomo, Warsaw ndi Kraków zinagwa, mfumu Jan Kazimierz inathawira ku Silesia, ndipo akuluakulu ambiri anagonjera mfumu ya Sweden. Pa 18 Novembala mkulu wa asilikali Burchard Müller anafika pa chitundacho ndi anthu pafupifupi 3,000. M'lingamo munali amonke pafupifupi 70, asilikali pafupifupi 160 ndi anthu ena ochepa othawa nkhondo, motsogozedwa ndi mkulu wa nyumbayo, Bambo Augustyn Kordecki. Anawazinga masiku 40 akuwaombera ndi mizinga, ndipo usiku wa pa 26 Disembala adaniwo anapasula misasa n'kuchoka.

Pali zinthu zimene sizitchulidwa kawirikawiri pa ulaliki. Chithunzi chenicheni munalibe m'lingamo, amonke anali atachizembetsa kale kupita nacho ku Silesia n'kusiya chofanizira. Kordecki nayenso sanali munthu wongokhala kudikira chozizwitsa. Anagula mfuti ndi wonga, analemba asilikali, ndipo adaniwo asanafike anasaina kalata yovomereza mfumu ya Sweden, imene ambiri amati inali njira yopezera nthawi. Poyerekeza ndi nkhondo yonseyo, kulimbana kwa pa chitundachi kunali kwakung'ono. Koma mbiri yakuti alendo aombera nyumba ya Amayi Maria ndipo alephera inafalikira m'midzi msangamsanga, ndipo alimi amene anali atatopa kale ndi kulandidwa ziweto ndi chakudya analimba mtima n'kunyamuka. Zimenezi sizichepetsa chisomo cha Mulungu. Zikungoonetsa kuti chinagwira ntchito kudzera mwa munthu wanzeru amene anakana kutsegula chipata.

Mfumu Jan Kazimierz itabwerera, pa 1 Epulo 1656, m'tchalitchi cha ku Lwów, inalumbira kuti Maria ndiwo Mfumukazi ya Poland. Inalonjezanso kuti idzachotsa goli pa alimi osauka amene ankakakamizidwa kugwira ntchito m'minda ya eni malo osalipidwa. Ife a kuno amene makolo athu anadutsa m'thangata tikumva bwino kulemera kwa lonjezo limeneli. Loyamba lija linasungidwa ndi nyimbo ndi zikondwerero, mpaka pa 8 Seputembala 1717 chithunzicho chinavekedwa zisoti zachifumu zotumizidwa ndi Papa Clement XI. Lachiwiri silinasungidwe. Eni malo sanalole, ndipo alimi anakhalabe m'goli zaka zina pafupifupi 200. Izi ndimazitchula nthawi zonse pophunzitsa, chifukwa Maria amene anaimba kuti Mulungu amakweza onyozeka ndi kukhutitsa anjala sangakondwere ndi chisoti cha golide chochokera kwa anthu amene akupondereza aganyu awo.

Mwafunsa mmene malowo alili. Pali nyumba ziwiri zopemphereramo zogundizana. Tchalitchi chachikulu chimene chilipo lero chinamangidwanso moto utatentha chakale mu 1690, ndipo mu 1906 chinalandira ulemu wa basilika. Nsanja yake ndi yotalika mamita 106. Inapsa mu 1900, n'kumangidwanso mu 1906, ndipo ndiyo imene oyenda wapansi amayamba kuiona akadali patali. Koma chithunzicho sichili m'tchalitchi chachikulucho. Chili m'katchalitchi kakale pambali pake, pa guwa la siliva ndi mtengo wakuda wa mtundu wa phingo, limene linaperekedwa mu 1650 ndi nduna yaikulu Jerzy Ossoliński. Chimaphimbidwa ndi chotchinga cha siliva, ndipo 6 koloko m'mawa uliwonse chotchingacho chimakwezedwa malipenga ndi ng'oma zikulira. Nthawi zambiri chithunzicho chimavekedwa zovala zokongoletsedwa ndi miyala ndi mphete zimene anthu anapereka, mwakuti zimangooneka ndi nkhope ndi manja. M'makoma mwadzaza ndodo zoyendera za anthu amene anachira, makolona ndi timitima ta siliva ta anthu othokoza. Ambiri amazungulira guwalo akuyenda ndi maondo. 9 koloko usiku kumakhala pemphero lalifupi limene anthu amauza Maria kuti ali nawo pafupi, akukumbukira ndipo ali maso.

Mu 1795 dziko la Poland linafafanizika pa mapu, litagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria, ndipo linakhala choncho zaka 123, mpaka 1918. Asilikali a Russia anagwetsa linga lija mu 1813. Anthu ataukira mu 1863, boma la Russia linatseka nyumba zambiri za amonke chaka chotsatira. Jasna Góra linaisiya, koma linalanda minda, linachepetsa chiwerengero cha amonke ndi kutsekereza kulandira anyamata atsopano. Ku Hungary, kwawo kwenikweni, chipanichi n'kuti chitathetsedwa kale ndi mfumu Joseph II mu 1786. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 chinatsala ndi nyumba ziwiri zokha, iyi ndi ina ya ku Kraków. Koma anthu a mtundu umodzi okhala pansi pa mafumu atatu achilendo ankakumanabe pa chitundachi n'kupemphera m'chilankhulo chawo.

Nthawi yomweyi ndi imenenso nyumbayi inagwa m'manyazi aakulu. Mu 1909 zisoti zija ndi chovala cha ngale zinabedwa. Papa Pius X anatumiza zisoti zina mu 1910, koma chaka chomwecho mmodzi mwa amonke anapha m'bale wake m'chipinda cha m'nyumba momwemo, ndipo mlandu wa mu 1912 unaulula kuba ndalama za zopereka ndi moyo wotayirira wa ena mwa iwo. Manyuzipepala a m'maiko ambiri analemba. Sindikubisirani zimenezi, mayi, pakuti ndinu akuluakulu, ndipo masiku ano nafenso timamva zopweteka mtima za atumiki ena a Mpingo. Anthu analira, anachita mapemphero opepesa, nyumbayo inakonzedwa ndi malamulo okhwima, koma ulendo sunaleke, chifukwa sankapita kukaona amonke.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Germany analanda mbali ina ya nyumbayo, maulendo analetsedwa, ndipo amonke anabisanso chithunzicho. Nkhondo itatha kunabwera boma la chikomyunizimu, lodana ndi chipembedzo, ndipo apa pali nkhani imene ndikufuna kuti a Lejio muimvetsetse. Mu Seputembala 1953 boma linagwira mkulu wa Mpingo m'dzikomo, Kadinala Stefan Wyszyński, n'kumutsekera. Ali mu ukaidi ku Komańcza analemba malonjezo atsopano a dziko, pokumbukira zaka 300 za lumbiro la mfumu lija, koma tsopano okhudza moyo wa tsiku ndi tsiku: kukhulupirika m'banja, kuteteza moyo wa ana, kuleka uchidakwa ndi ulesi, chilungamo pakati pa anthu. Pa 26 Ogasiti 1956 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasonkhana pa Jasna Góra. Episkopi Michał Klepacz anawerenga malonjezowo, ndipo pa mpando wa Kadinala panalibe munthu, panali maluwa okha. Patatha miyezi iwiri anamasulidwa.

Atatuluka anaganiza kuti popeza si onse angathe kupita kwa Amayi, Amayiwo apite kwa anthu. Chithunzi chofanizira chinadalitsidwa ndi Papa Pius XII mu 1957 n'kuyamba kuyenda parishi ndi parishi, usana ndi usiku umodzi pa parishi iliyonse, pokonzekera chikondwerero cha zaka 1,000 za chikhristu m'dzikomo mu 1966. Boma linakana kuti Papa Paul VI abwere ku chikondwererocho, ndipo mu Seputembala 1966 apolisi anaimitsa galimoto, analanda chithunzi choyendacho, n'kukachitsekera ku Jasna Góra, alonda ali pa chipata kuti chisatulukenso. Maepiskopi sanaimitse ulendo. Anapitiriza ndi felemu yopanda kanthu, kandulo ndi buku la Uthenga Wabwino. Zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, mpaka Juni 1972, anthu ankakongoletsa misewu, kuimba, kulapa ndi kuchezera usiku wonse polandira felemu yopanda chithunzi. Neba wanu muwafotokozere nkhani imeneyi modekha. Anthu opembedza thabwa sakadagwada pamene thabwalo palibe.

Mmodzi mwa maepiskopi amene analandira felemu imeneyo mu dayosizi yawo anali Karol Wojtyła wa ku Kraków, amene mu 1978 anakhala Papa John Paul Wachiwiri. Ali Papa anapita ku Jasna Góra mu 1979, 1983, 1987, 1991, 1997 ndi 1999. Anasiyako lamba wa mkanjo wake wothimbirira ndi magazi, amene anavala tsiku limene anaomberedwa, pa 13 Meyi 1981. Mu Ogasiti 1991 anasonkhanitsako achinyamata oposa miliyoni imodzi, ndipo kanali koyamba kuti a m'maiko amene anali pansi pa chikomyunizimu, ngakhale a ku Soviet Union, afike mwaunyinji pa msonkhano wotere. Ife a ku Zomba tili naye pa ubale wapadera. Mawu odzipereka kwathunthu kwa Maria amene anasankha kukhala mutu wa utumiki wake anawatenga kwa Louis de Montfort, mwini chipani chimene chinabzala Mpingo kuno kummwera, ndipo inu a Lejio mukudziwa kuti Frank Duff poyambitsa gulu lanu mu 1921 anatunga pa chitsime chomwecho. Papa yemweyu anafika m'Malawi muno mu Meyi 1989, kutatsala mwezi umodzi kuti kwawo kuchitike chisankho chimene chinagwetsa chikomyunizimu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba muno poikira kumbuyo maepiskopiwo. Sindikunena kuti china chinabala chinzake, mbiri yathu ili ndi mizu yakeyake. Koma amene anaona masiku amenewo sangavutike kumvetsa chifukwa chimene boma lokhala ndi mfuti linkaopera anthu onyamula felemu.

Pali ngozi imene imabwera ndi mbiri yotereyi, ndipo ku Poland komweko akhristu ambiri amaidandaula. Malo akakhala a mtundu wonse, andale amafuna kukajambulitsako ndi kuwasandutsa a chipani chawo, ndipo ena amayamba kulankhula ngati Maria ndi a mtundu wawo okha. Mayi amene anapatsidwa kwa wophunzira pa tsinde la mtanda sanapatsidwe kwa fuko limodzi.

Lero kumafika anthu mamiliyoni angapo pa chaka, ambiri pa basi ndi pa sitima, koma amene asunga mwambo wakale ndi oyenda wapansi. Ulendo wochokera ku Warsaw unayamba mu 1711 pothokoza kuti mliri watha, ndipo umachitikabe. Amanyamuka pa 6 Ogasiti, kuyenda makilomita pafupifupi 250, n'kufika pa 14, kuti chaka cha kutengedwa kumwamba kwa Amayi Maria chiwachere ali pomwepo. Ochokera ku nyanja ya kumpoto, ku Hel, amayenda makilomita oposa 600. Amayenda m'magulu akuimba ndi kunena kolona, ndipo munthu akafuna kulapa amatsalira kumbuyo kwa gulu ndi wansembe, n'kulapa akuyenda. Onse amaitanana kuti achimwene ndi achemwali, kaya ndi dokotala kaya ndi mlimi. Amagona m'matenti ndi m'makomo mwa anthu a m'njira, amene amawadikira pa msewu ndi madzi, supu ndi buledi osalipiritsa. Odwala ndi okalamba amene sangathe kuyenda amalembetsa kuti aziyenda nawo mu mzimu, n'kumapemphera ali kunyumba masiku onse a ulendowo. Chikondwerero cha Amayi Maria a ku Częstochowa ndi pa 26 Ogasiti. Ngati limana lanu likufuna kupemphera limodzi ndi anthu amenewa, tsiku lake ndi limenelo, ndipo chithunzi chanucho mupite nacho kwa abambo mfumu akachidalitse.

Kuno ku Africa kulinso malo amene ali pa ubale ndi Jasna Góra. Mu 1888 Franz Pfanner, mkulu wa amonke amene anayambitsa Mariannhill pafupi ndi Durban, anatsegula mishoni m'mbali mwa mtsinje wa Umzimkulu, ku KwaZulu-Natal, ndi thandizo la ndalama lochokera kwa mayi wina wa ku Poland, n'kuitcha Centocow potengera Częstochowa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 amene akutumikira pa mishoniyo ndi amonke a Paulo Woyera omwe aja, a mikanjo yoyera. Amene muli ndi ana kapena abale ogwira ntchito ku Durban ndi ku Pietermaritzburg, ndi ulendo wa maola ochepa pa galimoto kuchokera kumeneko.